Lawrence Wosema Mipini Apita Kusikelo

M'midzi ya kuseri kwa mapiri a ku Shikabeta, mpini wa khasu ukathyoka anthu sankafunsana kuti apite kwa yani. Ankapita kwa Lawrence Shamboko. Munthu ameneyu anali ndi manja odziwa mtengo. Ankayamba wayang'ana msinkhu wa mwini khasu, n'kumuuza kuti awerame ngati akulima, kenako n'kusema mpini womuyenera iyeyo basi. Amayi ena ankachita kunena kuti khasu la kwa Lawrence limalima lokha, iwe kwako n'kulitsata pambuyo. Anali wamtali, woonda, wa makutu otambalala, ndipo ankayenda chowerama pang'ono ngati akupepesa anthu chifukwa cha kutalikako.

Vuto lake linali limodzi, ndipo mwini wake sankalikana: Lawrence ankaopa kusekedwa. Njoka ankaipha ndi ndodo yaifupi. Nguluwe zikalowa m'munda ankazithamangitsa yekha. Koma anthu awiri akangoseka kumbuyo kwake, ngakhale akuseka mbuzi yokodwa mumpanda, makutu aja ankatentha mpaka madzulo. Chaka china anagula chipewa chofiira chokongola n'kuchivala tsiku limodzi lokha. Mnzake wosewera naye nsolo, Kingsford, anangoti, "Tambala wafika," ndipo chipewacho chinathera pamtengo m'munda wa mapira, kuopseza mbalame.

Sukulu anaphunzira ku Mpanshya mpaka Giredi 7, ndipo kuwerenga ankakunyadira. Atakula anapita ku Lusaka kukanyamula matumba a chimanga pa depoti ina, kusiya mkazi wake Rosalia kumudzi ndi mwana wawo woyamba, Donald. Ntchitoyo inatha mu 1992, chaka cha chilala chija anthu ankapulumukira chimanga chachikasu cha thandizo. Anabwerera kwawo ndi sutikesi, wailesi yopanda mabatire, ndi mawu akuti "manje" m'malo mwa "tsopano," amene sanamuchokenso pakamwa moyo wake wonse. Anapeza Donald ataikidwa m'manda masabata awiri m'mbuyomo. Chikuku chinadutsa m'mudzimo, ndipo mwanayo anali asanabayidwe katemera, poti masiku a sikelo Rosalia ankakhala ali pamzere wa chimanga. Palibe amene anaimba mnzake mlandu. Nkhaniyo anangoitsekera mumtima onse awiri, ndipo inkawapweteka tsiku ndi tsiku.

Ndiye mutha kumvetsa chimwemwe chimene chinalowa m'nyumbamo mu Ogasiti 1995, atabadwa mwana wamkazi amene anamutcha Purity. Kamwanako kanatenga makutu a bambo wake ndi mawu a mayi wake, ndiye kuti kakalira mudzi wonse unkadziwa. Lawrence ankasemera mipini pafupi ndi mphasa yake, akumufotokozera kusiyana kwa mtengo wa mubanga ndi wa mutondo ngati akulankhula ndi munthu wamkulu.

Mu Januwale wotsatira, mvula ili pachimake, Rosalia anaterereka pamwala akuwoloka mtsinje ndipo mwendo unathyoka pansi pa bondo. Anakamuika chikhakha kuchipatala cha mishoni, n'kubwerera kunyumba ndi ndodo ndi lamulo lakuti asayende mtunda. Apa ndi pamene Lawrence anaphunzira kuphika phala la mwana, koma ankaphikira m'nyumba chitseko ali chotseka, utsi ukumuliza maso. Madzi ankatunga yekha m'mamawa, ndipo akakumana ndi munthu panjira ankafulumira kunena kuti ndi oviikamo mipini. Mudzi wonse unkadziwa kuti mipini simwa madzi ochuluka choncho, koma anthu ankafuna makasu awo, ndiye ankangovomera.

Chinatsala ndi sikelo. Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse galimoto ya chipatala inkabwera pasukulu ina, ulendo wa maola atatu wapansi kuchokera kwa Lawrence. Kumeneko anamwino ankayeza ana kulemera kwawo, kubaya katemera oyenera kubayidwa, n'kulemba zonse pa kadi. Popeza Rosalia sakanatha kuyenda, mng'ono wake Carol, mbeta yodzikonda ya zaka makumi awiri ndi zitatu, anadzipereka. Mwezi ndi mwezi ankabereka Purity m'mamawa, kadi ili m'kapepala ka pulasitiki ka shuga, n'kubwerera dzuwa litapendeka akudandaula za miyendo. Rosalia sankadziwa kuwerenga, ndipo kadiyo ankangoilandira n'kuibwezera m'sutikesi.

Tsiku lina kumapeto kwa Epulo, Lawrence ankasakasaka m'sutikesimo kapepala kopichirira fodya. Anatulutsa kadi ija, ndipo poti munthu wonyadira kuwerenga sadutsa chilembo osachiwerenga, anaitambasula. Timadontho tosonyeza kulemera kwa mwana tinkakwera bwinobwino kuyambira Seputembala, n'kufika Febuluwale. Pa Malichi panalibe kanthu. Pa Epulo panalibenso kanthu.

Anamupeza Carol akusenda nyemba kuseri kwa nkhokwe.

"Mulamu, manje iyi kadi idwala chiyani? Ileka kulembedwa?"

Carol anayang'ana nyemba zake ngati zasanduka zachilendo. "Kapena bolopeni ya ba sista inatha inki."

"Miyezi iwiri?"

Zoona zinatuluka pang'onopang'ono. Pasukulu ija panali mphunzitsi wina wosakwatira, Peter, amene Carol ankamuponyera diso kutchalitchi. Mu Febuluwale mphunzitsiyo anamuona ali pamzere ndi mwana kumbuyo, n'kumupatsa moni waulemu kwambiri: "Muli bwanji amake mwana?" Carol anafuna kulowa pansi. Kuyambira pamenepo ankangofika kwa azakhali ake, theka la njira, n'kukhala tsiku lonse akulukitsa tsitsi, mwana akusewera pamphasa.

"Nanga ine nikwatiwe bwanji, bamulamu, ngati dziko lonse liganiza kuti nili na mwana?" anatero, misozi ili m'maso.

Lawrence anafuna kukalipa, koma anadziletsa. Manyazi a mtundu umenewo ankawadziwa bwino kuposa aliyense. Anangopinda kadi ija n'kuchokapo.

Mtima wake sunakhale pansi. Mu Meyi Purity ankakwanitsa miyezi isanu ndi inayi, msinkhu wobayidwa katemera wa chikuku, ndipo pakadipo panali kabokosi kopanda kanthu kodikira tsiku limenelo. Anthu ochokera kumsewu waukulu ankanenanso kuti chikuku chayamba m'midzi ya cha ku Chinyunyu. Lachinayi loyamba la Meyi linali litatsala masiku asanu ndi limodzi, ndipo likapita limenelo galimoto inali kudzabweranso mu Juni. Amayi ena a m'mudzimo akanamunyamula mwanayo, ngakhale aliyense anali ndi wake kumbuyo. Koma Lawrence anali atasiya kukhulupirira mawu akuti "tapita, tabwera." Ankafuna aone jakisoniyo ikulowa ndi maso ake.

Atamuuza Rosalia kuti apita yekha ndi mwanayo, mkaziyo anagwetsa chikho.

"Imwe? Kusikelo? Mwamuna?"

"Nanga miyendo nilibe?"

"Atate ake Purity, mufuna kuti nikayende bwanji m'mudzi muno? Azanena kuti n'nakudyetsani mankhwala. Azanena kuti nakukhalani pamutu. Ku gulu la Mayi Maria kutchalitchi azanitchula m'pemphero!"

Anakangana mpaka phala linapserera. Pomaliza Rosalia anaponya mfundo imene inamugwetsa ulesi Lawrence: "Olo mupite, muzamunyamula bwanji? Maola atatu, mapiri awiri, mtsinje pakati. M'manja simungakwanitse, pamapewa ni wamng'ono. Kubereka simudziwa. Muzanigwetsera mwana pamiyala." Njinga anali ataisinthanitsa ndi chimanga chaka cha njala chija. Lawrence anadziwa kuti mkaziyo ankanena zoona.

Madzulo ake anapita pansi pa mkuyu pamene amuna ankasewera nsolo, kuti akayese kaye kuzama kwa madzi. Akusuntha timiyala take anayamba ngati nkhani wamba.

"Ku Lusaka n'naona mwamuna wina, wa tayi bwinobwino, apereka mwana kukiliniki."

"Mkazi wake anamwalira?" anafunsa Kingsford.

"Iyai, analipo."

"Ndiye mwamunayo ndiye anamwalira," anatero Kingsford. "Chinangotsala ni tayi."

Amuna anaseka mpaka wina anatsamwa ndi fodya. Wina anati munthu wotere mawa lake amavala diresi, wina anati amayamba kukhala pamphasa ya amayi pamaliro. Lawrence anaseka nawo, koma makutu anali ngati awaika pamoto. Anagonja masewera atatu otsatizana n'kubwerera kunyumba atatsimikiza mtima kuti sapita.

M'mawa mwake, akumwetsa mwana phala, Purity anayetsemula kawiri. Kunali kuyetsemula chabe, kwa utsi, koma Lawrence anamutembenuza uku ndi uku akufufuza tizilonda kuseri kwa makutu. Sanapeze kanthu. Atamaliza kumwetsa phalalo anatenga chitenje chakale cha Rosalia, n'kuchipinda m'thumba la zida zake, n'kunena kuti akupita kukadula mitengo ya mipini.

Sanapite kutchire. Analowa pakati penipeni pa munda wake, pamene chimanga chouma chinali chitatalika kuposa iye, n'kusankha dzungu lolemera ngati Purity. Anali ataona amayi akubereka ana moyo wake wonse, ndipo ankaganiza kuti n'zosavuta. Anawerama, n'kuika dzungu pamsana, n'kuponya chitenje, n'kuchikulunga m'khwapa zonse ziwiri, n'kumanga pachifuwa monga amachitira amayi. Ataweramuka anayenda masitepe anayi monyadira. Pa lachisanu chitenje chinatsetsereka mpaka m'chiuno, dzungu linagwa pansi n'kung'ambika pakati. Lawrence anaima akuyang'ana njere zitamwazika.

Tsiku limenelo anaswa maungu atatu. Tsiku lotsatira anayi. Poti kutaya chakudya ndi tchimo, ankawatolera n'kupita nawo kunyumba, ndipo banjalo linadya maungu m'mawa, masana ndi madzulo. Rosalia anafunsa kuti maungu a chaka chino akungosweka okha bwanji, ndipo Lawrence anati ndi anyani.

Pa tsiku lachitatu, ali chowerama ndi dzungu pamsana, anamva chifuwa cha munthu kumbuyo kwake. Anali a Edness, mayi wamasiye wa munda woyandikana nawo, wophika mowa wa masiku asanu ndi awiri, amene pakamwa pawo pankaopedwa ndi mudzi wonse. Nkhani ikafika kwa a Edness m'mawa, pofika masana inkakhala itawoloka mtsinje. Anaima atanyamula dengu, akuyang'ana mwamuna wamtali atavala chitenje cha maluwa pachifuwa.

"Ba Lawrence," anatero modekha, "mwana wanu uyu afanana na atate ake mutu."

Kenako anaseka. Anatula dengu kuti aseke bwino, n'kukhala pansi pamzere, akupukuta misozi ndi mpango. Lawrence anaganiza zosamuka m'mudzimo tsiku lomwelo. Koma poti panalibenso chobisa, anafotokoza zonse, za kadi, za Lachinayi, za chikuku cha ku Chinyunyu. Za Carol zokha anasiyako. A Edness analeka kuseka. Iwo ndi amene anasambitsa thupi la Donald.

"Imani bwino," anatero akunyamuka. "Mumanga monga mkazi, ndiye vuto. Ife chitenje chili na pokhalira apa." Anadzimenya pachifuwa mopanda manyazi. "Imwe apa ni thabwa. Chizagwira pati? Mbali imodzi ipite pamwamba pa phewa, inayo m'khwapa, mfundo pakati. Phewa ndiye izanyamula. Ndipo matako a mwana akhale m'thumba, miyendo kunja, osati kumukulunga monga fodya."

Anamumangitsa kasanu, akumumenya dzanja akalakwitsa. Kenako anamulamula kuti ayende, atsike mumzere, adumphe, awerame ngati akumwa madzi pamtsinje. Dzungu silinasunthe. Lawrence anamva chinthu chikumasuka m'chifuwa mwake, ndipo anaseka yekha kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo.

"Manje ba Edness, iyi nkhani..."

"Nizasunga mpaka Chinayi," anatero. "Kupitirira apo siningakwanitse, ningadwale."

Madzulo a Lachitatu anabereka Purity weniweni m'nyumba, Rosalia akuyang'ana. Mwanayo anagwira khutu la bambo wake ngati chogwirira cha basi n'kuyamba kuimba zake. Rosalia anakoka mfundo, anakoka chitenje pansi, anafufuza cholakwika ndipo sanachipeze. Sananene kuti wavomera. Anangoyamba kukonza botolo la phala, thewera lina ndi mbatata zophika za paulendo.

Lachinayi Lawrence ananyamuka kukungoyera, n'kudzera njira ya kumadimba kuti asadutse pa mkuyu. Mwayi wake unali wotero kuti pamtsinje anakumana ndi Kingsford yemweyo, akuchokera kokaonjola misampha yake ya mbewa. Panalibe kothawira. Kingsford anaima, anayang'ana chitenje, anayang'ana timiyendo tolendewera m'mbali, kukamwa kuli yasa.

"Mwauka bwanji, ba Kingsford," anatero Lawrence, mawu akutuluka opyapyala.

"Ta... tauka."

Anadutsa. Atawoloka, chiseko chinaphulika kumbuyo kwake n'kumutsata mpaka pachitunda. Makutu anatentha monga mwa masiku onse. Koma anadabwa kuona kuti miyendo ikuyendabe, mwana ali phee pamsana, ndipo dzuwa likutuluka pamalo ake akale. Anayenda mapiri awiri aja akuimbira Purity nyimbo za kwaya, ndipo anayamba kudziona ngati munthu wolimba mtima.

Kulimba mtimako kunathera pamphepete pa bwalo la sukulu. Kingsford anali munthu mmodzi. Apa, pansi pa mitengo ya mango, panali amayi oposa makumi asanu, atakhala m'mizere, akuwomba m'manja ndi kuimba nyimbo ya zakudya za magulu atatu. Sikelo inali italendewera panthambi, ndipo ana ankawalowetsa m'kakabudula ka nsalu n'kuwapachika pamenepo mmodzimmodzi, akupalapata miyendo. Mwamuna yekhayo pamalopo anali dalaivala, ndipo iyeyo anali atagona m'galimoto chipewa chili kumaso. Lawrence anabwerera m'mbuyo n'kukabisala kuseri kwa chulu.

Anadziuza kuti akungopuma. Anamwetsa mwana phala, anamusintha thewera, anadya mbatata imodzi. Kenako anadziuza kuti adikira mzere uchepe. Dzuwa linafika pamutu. Ankamva ana akulira mmodzi pambuyo pa mnzake patebulo la jakisoni, ndipo kulira kulikonse kunkamuuza kuti mwana wa munthu wina watetezeka pamene wake akusewera ndi udzu kuseri kwa chulu. Anadzida kwambiri. Maganizo ena anamunong'oneza kuti Juni si kutali, kuti pofika nthawiyo mwina Rosalia adzakhala akuyenda.

Ndiye anamva chivindikiro cha bokosi la katemera chikutsekedwa, ndi mawu a namwino akufunsa mokweza: "Kuli wina wasala? Tipakira manje!" Dalaivala anadzuka n'kuyamba kumasula chingwe cha sikelo.

Lawrence sanaganizenso. Anaponya Purity pamsana, mbali imodzi paphewa, ina m'khwapa, mfundo pakati, n'kutuluka kuseri kwa chulu ndi miyendo yake yaitali ija, kadi ataikweza m'mwamba ngati munthu woimitsa basi.

"Alipo! Ba sista, alipo wina!"

Bwalo lonse linatembenuka. Phokoso limene linabuka linatulutsa ana a sukulu m'makalasi. Ena ankaseka atagwira m'mimba, ena ankaimba nthungululu, mayi wina anavula mpango n'kuuyala pansi kuti Lawrence apondepo. Wina anakuwa kuti, "Apatseni malo amake mwana!" Wina anati, "Funsani ngati ali na mng'ono wake, nimufuna!" Lawrence anayenda pakati pawo maso ali kutsogolo, makutu akuyaka, ndipo mtunda wochoka pachulu kufika patebulo unamutalikira kuposa mapiri awiri aja.

Namwinoyo, a Catherine, anali mayi wonenepa wa magalasi, amene anaona zambiri pantchito yake koma izi anali asanazione. Analandira kadi, anaiwerenga, n'kuyang'ana Lawrence pamwamba pa magalasi.

"Amake ali kuti?"

"Anathyoka mwendo."

"Miyezi iwiri iyi munali kuti?"

"Tinalakwa, ba sista. Ndiye chifukwa nabwera neka."

A Catherine anauza dalaivala kuti abwezere sikelo panthambi. Purity anapachikidwa m'kakabudula kaja n'kulira mokwiya, ndipo kadontho katsopano kanakhala pamwamba pa tinzake, pamalo abwino. Kenako namwinoyo anayamba mafunso amene amafunsa mayi aliyense, ndipo amayi aja anasendera pafupi kuti amve mwamuna akugwa nawo.

"Adya kangati pa tsiku?"

"Kanayi, kupatula kuyamwa."

"Phala muikamo chiyani?"

"Nsinjiro. Masiku ena dzira, nkhuku ikakhala na chifundo. Sabata ino maungu kwambiri."

"Anatsegulapo m'mimba?"

"Kamodzi, mu Malichi, pomera mano apansi. Masiku awiri chabe."

Amayi anayang'anana. Wina kumbuyo anati, "Wanga olo dzina la mwana amayamba waganiza." Chiseko chinabukanso, koma tsopano sichinkamuwotcha Lawrence. A Catherine anatembenukira gululo n'kunena kuti mwezi wamawa akufuna kuona amuna ena asanu, ndipo amayi anayankha kuti akawauza, ngakhale nkhope zawo zinkaonetsa kuti sakuyembekezera zambiri.

Namwinoyo anatsegulanso bokosi lija n'kutulutsa kabotolo kakang'ono ngati chala. Anauza Lawrence kuti akhale pabenchi, amukhazike mwana pamwendo ndi kumugwira mkono. Iye anagwira kamkonoko ndi manja ake okakala, maso ali pa jakisoni, osaphethira. Nsonga inalowa, chala cha namwino chinakankha, nsonga inatuluka. Purity anakuwa mpaka mbalame zinauluka mumtengo, kenako anapeza batani la malaya a bambo wake n'kuyamba kuliluma. A Catherine analemba tsiku m'kabokosi kaja n'kumubwezera kadi.

Lawrence sananyamuke.

"Manje... ina ibwera?"

"Ya chikuku ni imeneyi."

"Kamodzi aka chabe? Kathera apa?"

"Kathera apo, atate. Mungapite."

Anayang'ana kabotolo kaja, n'kuyang'ana kadontho ka magazi pamkono wa mwana, kochepa kuposa njere ya mapira. Iye ankayembekezera chinthu chachikulu, chofanana ndi mantha amene anawasenza zaka zinayi. Koma kanali kanthu kosatenga nthawi ngakhale yomwera madzi, ndipo ndi komweko kamene Donald anakasowa. Chisoni chinamugwira mwadzidzidzi, pamaso pa amayi makumi asanu, ndipo analibe kokabisala.

Anaimirira msanga, n'kuwerama, n'kuika Purity pamsana, n'kuponya chitenje. Koma sanaweramuke. Anakhala chowerama choncho, nkhope ili pansi, mapewa akugwedezeka, madontho akugwera m'fumbi pakati pa mapazi ake. Amayi a kumudzi kwake amene analipo ankadziwa chifukwa chake, ndipo ananong'oneza anzawo. Phokoso lija linazima mzere ndi mzere.

Mayi wina wachikulire, amene Lawrence sankamudziwa n'komwe, ananyamuka n'kudzaima kutsogolo kwake, kumutchinga ndi thupi lake. Anagwira mfundo ya chitenje, imene inali yomangidwa bwinobwino, n'kuimasula, n'kuyamba kuimanganso pang'onopang'ono.

"Iyi mfundo yavuta," anatero mokweza kuti onse amve. "Musaweramuke, atate, mpaka nitsirize."

Anaimanga n'kuimasula katatu konse, ndipo pabwalo lonselo panalibe amene anamufulumizitsa.